Mphunzitsi Amene Adasiya Munda Wobereka Nakalima Tsala

Amayi anzanga, nonse mudziwa kuti munthu amene ali ndi munda wobereka, umene chaka ndi chaka umadzaza nkhokwe, sausiya wamba. Mutamva kuti mwini munda wotere wasenza khasu lake napita kutali kukaswa tsala limene ladzala tsekera ndi chisoso, mungayambe kufunsana pa chitsime kuti kodi mkuluyu chamugwera nchiyani. Sabata ino ndakutengerani nkhani ya munthu amene adachita zoterezi, ngakhale kuti munda wake sudali wa chimanga. Dzina lake ndi Curt Miller, wa ku Amereka, ndipo ntchito imene adatchuka nayo ndi yophunzitsa amayi mpira wa basketball.

Pa 21 Okutobala 2022 kudamveka kuti a Miller asiya timu ya Connecticut Sun, imene adaiphunzitsa zaka 7, ndipo akupita ku timu ya Los Angeles Sparks. Ulendowu ngwopitirira makilomita 4,000, kuchoka kufupi ndi nyanja ya kum'mawa kwa dzikolo kukafika ku nyanja ya kumadzulo. Timu imene ankaisiyayo idali itatsala pang'ono kutenga chikho mwezi umodzi wokha m'mbuyomo. Timu imene ankapitakoyo idali itabalalika, yopanda mphunzitsi wokhazikika, ndipo idali itatha zaka ziwiri osaoneka nkomwe m'masewero olimbirana chikho.

Mwina ena mwa inu munena kuti nkhani za mpira nza abambo ndi anyamata. Ndikupemphani kuti muwerengebe, pakuti osewera onse a m'nkhani ino ndi akazi anzathu, ena a iwo ntchembere za ana, amene mpira ndiye khasu lawo. Mphunzitsi akasamuka, miyoyo ya amayi a uko wachoka ndi ya uko wapita imagwedezeka. Ena amachotsedwa ntchito, ena amasamutsidwa ndi ana awo kupita ku mzinda wina, ndipo ena amapeza mwayi umene sadauyembekeze.

Mpira wake ngwotani?

Basketball ndi mbale wake wa ntchemberembaye amene ambiri tidasewera ku sukulu, ndipo kunena zoona ntchemberembaye adachokera ku mpira umenewu. Adauyambitsa ndi mphunzitsi wina dzina lake James Naismith m'chaka cha 1891 ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, ndipo poyamba ankaponyera mpira m'madengu a mapichesi okhomedwa m'mwamba. Mkombero woponyeramo mpira umatalika mamita 3.05, chimodzimodzi wa ntchemberembaye. Kusiyana kwake nkwakuti mbali iriyonse kumakhala osewera 5 m'malo mwa 7, wosewera amaloledwa kuthamanga ndi mpira malinga ngati akuunjanjitsa pansi, ndipo aliyense angathe kugoletsa. Chigoli cha pafupi ndi mapointi 2, cha patali ndi mapointi 3.

Amayi a ku Amereka ali ndi ligi yawo yolipidwa yotchedwa WNBA, imene idayamba m'chaka cha 1997. M'zaka za 2022 mpaka 2024, zimene nkhani yathu ikunena kwambiri, m'ligiyi mudali matimu 12, ndipo timu iriyonse inkaloledwa osewera osapitirira 12. Ndiye kuti m'dziko lalikulu ngati limenelo malo a ntchitoyi adalipo 144 okha. Masewero amayamba m'mwezi wa Meyi. Akatha masewero a ligi, matimu 8 a pamwamba amalowa m'ndime ya chipulula, kumene wogonja amabwerera kwawo, kufikira atatsala awiri olimbirana chikho.

Mphunzitsi wamkulu, amene amasewero amati kochi, ndiye amasankha woyamba kulowa m'bwalo ndi wokhala pa benchi, amakonza kaseweredwe, ndipo amaimitsa masewero kwa kanthawi zinthu zikayamba kupotoka. Pamwamba pake pamakhala manijala wamkulu, amene amalemba osewera ntchito, kuwasinthanitsa ndi a matimu ena ndiponso kusunga thumba la malipiro. Sungani kusiyana kwa maudindo awiriwa, chifukwa tikubwererako.

Zaka 7 ku Connecticut

Timu ya Sun, dzina lotanthauza dzuwa, idagulidwa m'chaka cha 2003 ndi mtundu wa Amohegan, amodzi mwa eni nthaka enieni a dziko la Amereka, ndipo adaikhazika ku Uncasville, kamudzi kakang'ono poyerekeza ndi mizinda ikuluikulu kumene matimu ena amakhala. Pamene a Miller adafikako kumapeto kwa 2015, nayonso idali tsala, popeza idali itatha zaka zitatu osalowa m'chipulula. Iwo adali ataphunzitsapo atsikana a pa koleji ya Bowling Green zaka 11, kenaka a pa yunivesite ya Indiana, ndipo m'chaka cha 2015 adagwira ntchito ngati wothandiza mphunzitsi ku Los Angeles Sparks, konkuja adadzabwerera pambuyo pake.

Chaka choyamba, 2016, sichidawayendere bwino: adapambana masewero 14 nagonja 20. Koma chaka chomwecho timuyo idachita msintho umene udadzatembenuza mbiri yake. Idapereka wosewera wake Chelsea Gray ku Sparks, nkulandira mtsikana wamtali wa ku zilumba za Bahamas dzina lake Jonquel Jones, amene adali atangotuluka kumene ku koleji. Kumapeto kwa chakacho a Miller adapatsidwanso udindo wa manijala wamkulu, kotero kuti adakhala wophunzitsa ndi wosankha yemwe. M'chaka cha 2017 timuyo idapambana masewero 21, ndipo iwo adalandira mphotho ziwiri, ya mphunzitsi wopambana onse ndi ya manijala wopambana onse.

Kuyambira pamenepo Sun sidaphonyeko chipulula kwa zaka 6 zotsatizana. Inkadziwika ndi kaseweredwe kolimba, kotchinga adani ndi kulimbirana mpira pansi pa mkombero. Msana wa timuyo adali Alyssa Thomas, amene ankasewera ndi mapewa onse awiri ovulala koma osatopa. M'chaka cha 2020 kudabweranso DeWanna Bonner, mayi wa ana amapasa. M'zaka 7 zonsezo a Miller adapambana masewero a ligi 140 nagonja 86, mbiri imene aphunzitsi ambiri amangoilakalaka.

Koma chikho chokha chidawakana. M'chaka cha 2019 adathamangitsa Los Angeles Sparks pa masewero atatu otsatizana m'ndime yachiwiri kumapeto, nafika m'ndime yotsiriza, kumene adagonja kwa Washington Mystics pa sewero lachisanu ndi mapointi 89 kwa 78. M'chaka cha 2020, nthawi ya mliri wa korona, adayamba ndi kugonja kasanu motsatizana, nadzuka, koma Las Vegas Aces idawatsekera njira. M'chaka cha 2021 adapambana masewero 26 nagonja 6 okha, Jonquel Jones adasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'ligi, a Miller adalandiranso mphotho ya mphunzitsi wopambana, komabe Chicago Sky idawagwetsa asadafike kumapeto. M'chaka cha 2022 adabwezera Chicago, nafikanso m'ndime yotsiriza. Pa 18 Sepitembala, pa bwalo la kwawo, pamaso pa anthu awo, adagonja kwa Las Vegas ndi mapointi 78 kwa 71. Amene adavutitsa kwambiri pa masewero amenewo, nalandira mphotho yake, adali Chelsea Gray yemwe uja timuyo idamupereka zaka 6 m'mbuyomo.

Taganizani, amayi, kufika pakhomo pa phwando kawiri konse, fungo la ndiwo nkumalimva, koma chitseko nkukutsekerani. Patangopita milungu isanu chigonjereni, a Miller adamanga katundu.

Tsala la ku Los Angeles

Timu ya Sparks, dzina lotanthauza mbaliwali za moto, ndi imodzi mwa matimu amene adayambitsa ligiyi, ndipo idasewera nawo sewero loyambirira lenileni mu Juni 1997. Idatenga chikho katatu, m'zaka za 2001, 2002 ndi 2016. Ndi timu ya Lisa Leslie, mayi woyamba m'ligiyi kudumpha mpaka kulowetsa mpira ndi dzanja mu mkombero, m'chaka cha 2002. M'chaka cha 2014 idagulidwa ndi gulu la anthu a chuma limene mudali katswiri wakale wa mpirawu, Magic Johnson.

Koma pofika 2022 ulemerero wonsewo udali utasanduka nthano. Kumayambiriro kwa 2021 nsanamira ziwiri za timuyo zidachoka. Candace Parker adapita kwawo ku Chicago natenga chikho chaka chomwecho, ndipo Chelsea Gray adapita ku Las Vegas natenga chikho chaka chotsatira. Onani kuti onse awiri adadutsa pa msana pa a Miller popita kukatenga zikhozo. Sparks idatsala ikupenya. Idapambana masewero 12 okha mu 2021 ndi 13 mu 2022. Mphunzitsi wake, Derek Fisher, adachotsedwa mu Juni 2022 masewero ali m'kati, ndipo mwezi wotsatira wosewera wamtali wa ku Australia, Liz Cambage, amene anthu ankamudalira, adasiyana nayo timuyo.

Mtengo waukulu umene udatsala chiriri m'mundamo adali Nneka Ogwumike, mwana wa makolo ochokera ku Nigeria, amene adalowa m'timuyo mu 2012 ndipo mu 2016 adasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'ligi. Chaka chomwecho anzake adamusankha kukhala mtsogoleri wa bungwe la osewera, lowayankhulira pa nkhani za malipiro ndi za uchembere. Mng'ono wake, Chiney, adaseweraponso pansi pa a Miller ku Connecticut asadatsatire mkulu wake ku Los Angeles mu 2019.

Chimene chimakopa mphunzitsi ku timu yakugwa

Kuti mumvetse kuti kusamuka kotere si misala, muyenera kudziwa malamulo awiri a ligiyi, amene adaikidwa dala kuti timu imodzi isamadye yokha.

Loyamba ndi la malire a malipiro. M'chaka cha 2022 timu iriyonse sinkaloledwa kulipira osewera ake onse pamodzi ndalama zopitirira madola pafupifupi 1.4 miliyoni pa chaka. Timu ikamachita bwino, osewera ake amatchuka ndipo aliyense amayenera malipiro okwera, koma thumba ndi lomwelo. Motero timu yamphamvu imafika poti iyenera kutaya ena mwa akatswiri ake, pamene otsalawo zaka zikupita ndipo maondo akutha. Munda wobereka nawonso umaguga.

Lachiwiri ndi la kasankhidwe ka atsikana atsopano. Chaka chirichonse m'mwezi wa Epulo matimu amasankha mosinthana atsikana otuluka m'makoleji ndi a maiko ena, ndipo oyamba kusankha amakhala matimu amene adalephera kulowa m'chipulula. Pakati pa iwo pamachitika maere, ndipo timu imene yagonja kwambiri pa zaka ziwiri imapatsidwa mwayi wochuluka pa maerewo. Ndiye kuti kugonja kwa chaka chino ndi manyowa a chaka chamawa. Mphunzitsi wodziwa kulera ana ang'ono amaona timu yakugwa ngati nthaka yogona, imene ikungodikira khasu. A Miller adali atachitapo kale zimenezi ku Connecticut, ndipo mzinda wa Los Angeles sudali wachilendo kwa iwo.

Koma padali kusiyana kumodzi kwakukulu. Ku Connecticut adali ndi maudindo onse awiri. Ku Los Angeles adapatsidwa wa uphunzitsi wokha. Wosankha osewera adali wina, ndipo pa zaka ziwiri zimene adakhalako udindowo udagwidwa ndi anthu awiri osiyana, Karen Bryant mu 2023 ndi Raegan Pebley mu 2024. Wophika adali iwo, koma wopita ku msika adali wina.

Zaka ziwiri zowawa

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Chaka cha 2023 chidayamba ndi matope. Stephanie Talbot, amene timuyo idangomulemba kumene, adavulala bondo kwawo ku Australia masewero asadayambe, ndipo sadasewere chaka chonse. Katie Lou Samuelson adali woyembekezera. Jasmine Thomas, amene adatsatira mphunzitsi wake kuchoka ku Connecticut, adali akuchira kumene bondo. Chiney Ogwumike ndi Lexie Brown adatha nthawi yaitali ali kunja kwa bwalo, wina kamba ka kuvulala, wina kamba ka matenda. Ngakhale zidali choncho, timuyo idapambana masewero 17 nigonja 23, ndipo idaphonya chipulula ndi sewero limodzi lokha, pakuti Chicago, imene idatenga malo otsiriza, idapambana 18.

Pa chaka chimenechi pali mayi mmodzi amene ndifuna mumudziwe, Dearica Hamby. Iye adasamutsidwa kuchoka ku Las Vegas kupita ku Los Angeles mu Januwale 2023 ali ndi pakati pa mwana wake wachiwiri. Adachira mu Malichi, ndipo pofika Meyi adali pa bwalo, kuthamanga ndi kulimbana ndi anzake. Inu amene mudaberekapo mudziwa mmene thupi limakhalira pakangotha miyezi iwiri. M'timu ya akatswiri okhaokha ya ku Las Vegas nthawi zambiri ankayambira pa benchi. M'timu yomangidwa kumene adapeza malo, ndipo mu 2024 adakhala mtsogoleri wa anzake pa kugoletsa, nasankhidwa kukasewera nawo m'sewero la akatswiri a ligi yonse. Tsala limene ena ankaliseka lidamukomera iye.

Mu Febuluwale 2024 mtengo waukulu uja udazuka. Nneka Ogwumike, atatumikira timuyo zaka 12, adapita ku Seattle Storm. Sitingamunene, chifukwa zaka za wosewera nzowerengeka, ndipo munthu amene wapitirira zaka 30 sangadikire kuti mbande zikule. Apa Sparks idatsimikiza zoyambira pansi penipeni. Mu Epulo idasankha atsikana awiri, Cameron Brink wa ku Stanford, wamtali mamita 1.93, amene adali wachiwiri kusankhidwa m'dziko lonse, ndi Rickea Jackson wa ku Tennessee, amene adali wachinayi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 18 Juni 2024, Cameron Brink atasewera masewero 15 okha, adagwa nadula mtsempha wa m'kati mwa bondo la kumanzere, vuto limene limatenga pafupifupi chaka kuti lipole. Ngoziyi idachitikira ku Uncasville, pa bwalo la Connecticut Sun, pomwe paja a Miller adagwira ntchito zaka 7. Mtsikanayo adali atasankhidwa kale kukaimira dziko lake ku masewero a Olimpiki ku Paris, pa mpira wa atatuatatu. Malo ake adapatsidwa kwa Dearica Hamby, amene adabwerako ndi mendulo ya malo achitatu. Brink sadabwerere pa bwalo kufikira kumapeto kwa Julayi 2025.

Chaka cha 2024 chidatha Sparks itapambana masewero 8 nigonja 32, kumchira kwa ligi yonse. Kumapeto kwa Sepitembala kudalengezedwa kuti eni timu ndi a Miller agwirizana zosiyana. Pa zaka ziwirizo adapambana masewero 25 nagonja 55. Adaitanidwa kudzamanga nyumba, ndipo adachoka maziko ali poyera, njerwa zina zisadapse nkomwe.

Nanga kumene adachoka kuja?

Ku Connecticut moto sudazime. Jonquel Jones adapita ku New York Liberty mu Januwale 2023, kumene adadzatenga chikho mu 2024, koma Alyssa Thomas ndi DeWanna Bonner adatsala. Mphunzitsi watsopano adali mayi, Stephanie White. Mu 2023 timuyo idapambana masewero 27, ndipo Mayi White adalandira mphotho ya mphunzitsi wopambana onse. Mu 2024 idapambana 28. Zaka zonse ziwiri idafika m'ndime yachiwiri kumapeto, koma chikho chidakanabe. Anthu ena ankati taonani, munda uja ukubereka mwini wake atachoka. Nzoona, koma munda umabereka chifukwa wina adauzula zitsa.

Tsono tamverani izi. Mu Sepitembala 2024 timu ya Mayi White idatulutsa Indiana Fever m'chipulula pa masewero awiri. Patangopita milungu yochepa, pa 1 Novembala, kudamveka kuti Mayi White ndiwo mphunzitsi watsopano wa Indiana Fever yomweyo. Madzi saiwala khwawa. Iwo kwawo ndi ku Indiana, adaphunzira pa yunivesite ya Purdue kumene adatenga chikho cha makoleji mu 1999, adaseweraponso m'timu ya Fever, ndipo adaiphunzitsa m'zaka za 2015 ndi 2016.

Poyang'ana pamwamba, ulendo wawo udafanana ndi wa a Miller, kusiya timu yamphamvu nkupita ku timu yomangidwa kumene. Koma nthawi yake idali yosiyana. Indiana idali itatha kale zaka 7 zowawa, kuyambira 2017 mpaka 2023, osalowa m'chipulula, ndipo mu 2022 idapambana masewero 5 okha mwa 36. Kugonja kumeneko kudaipatsa mwayi woyamba kusankha zaka ziwiri zotsatizana, nitenga Aliyah Boston mu 2023 ndi Caitlin Clark mu 2024. Amene adasenza zaka ziwiri zoyala maziko adali mayi wina, Christie Sides, amene adaifikitsa timuyo m'chipulula mu 2024, koma adachotsedwa ntchito mwezi wotsatira. Mayi White adapeza zipupa zitaima, kwatsala denga. Mu 2025, ngakhale kuti Caitlin Clark adasewera masewero 13 okha kamba ka kuvulala, Indiana idapambana masewero 24 nifika m'ndime yachiwiri kumapeto, kumene idagonja movutikira kwa Las Vegas pa sewero lachisanu.

Chaka chomwecho cha 2025 Connecticut idaona zimene lamulo la malipiro ndi ukalamba wa timu zimabweretsa. Osewera onse asanu oyamba kulowa m'bwalo adachoka, ndipo timuyo idapambana masewero 11 nigonja 33. Munda wobereka uja udasanduka tsala. Nayo Sparks, pansi pa mphunzitsi watsopano Lynne Roberts, idakwera kufika pa masewero 21, koma idaphonyabe chipulula.

Mapeto a ulendo wa a Miller

A Miller sadakhale nthawi yaitali pakhomo. Mu Novembala 2024 timu ya Dallas Wings idawalemba ntchito ya manijala wamkulu. Patangopita masiku ochepa kudachitika maere. Sparks, pokhala ya kumchira, inkayembekeza kuti ndiyo iyambe kusankha, chipatso cha kugonja konse kuja. Koma maere adagwera Dallas, ndipo mu Epulo 2025 a Miller ndiwo adatenga Paige Bueckers, mtsikana amene matimu onse ankamusirira, amenenso adasankhidwa kukhala woposa atsopano onse a chaka chimenecho.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachibise. Ku Dallas a Miller adalemba ntchito ya uphunzitsi Chris Koclanes, amene adagwira nawo ntchito ku Connecticut ndi ku Los Angeles. Timuyo idapambana masewero 10 nigonja 34, ndipo mphunzitsiyo adachotsedwa atagwira chaka chimodzi chokha. Munthu amene adapatsidwa zaka ziwiri, zooneka zochepa, atakhala pa mpando winawo mnzake adaona chimodzi. Kudekha nkosavuta kukupempha kwa ena, koma nkovuta kukupereka pamene mipando ya m'bwalo iri yopanda anthu ndipo eni chuma akufunsa.

Zoti tilingalire

Kodi a Miller adalakwa kuchoka? Ndikaiyang'ana nkhaniyi, sindiona kuti kuchokako kudali kulakwa. Munda wa ku Connecticut udali ndi zaka ziwiri zokha zotsala, monga mmene zidaonekera pambuyo pake, ndipo luso lawo lolera timu adali atalionetsa kale. Chimene chidasowa ndi zinthu zitatu zimene adali nazo poyamba paja: nthawi yokwanira, mphamvu yosankha ogwira nawo ntchito, ndi msana wonga Alyssa Thomas, munthu wokhala nawe kuyambira pa kuswa mphanje mpaka pa kukolola. Pa zitatuzi tionjezepo tsoka la maondo, limene palibe mphunzitsi angalitchinge.

Inu amayi, tsiku lina mudzaitanidwa kukadzutsa chinthu chimene chidagwa m'manja mwa ena, kaya ndi gulu, kaya ndi kagolosale ka pachibale, kaya ndi munda weniweni. Musakane chifukwa cha mantha, pakuti m'malo otere ndi mmene anthu onga Dearica Hamby amaonekera. Koma musadavomere, khalani pansi ndi okuitananiwo muwafunse poyera. Kodi mundipatsa nyengo zingati ndisadaweruzidwe? Kodi osankha anthu ogwira nawo ntchito ndine kapena ndi wina? Kodi mwa amene alipowa, ndani adzakhale nane zinthu zikafika povuta? Mayankho ake amveke pali mboni, chifukwa pa tsiku loitana aliyense amalankhula zokoma.

Ndipo mukakhala kuti oitana ndinu, kumbukirani kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Musamuyese munthu ndi nkhokwe pa chaka chimene mudamutuma kukazula zitsa. Pomaliza, mukaona wina akulandira ulemu pa ntchito yoyenda bwino, funsaniko kuti adayamba ndani, ndipo mumutchule dzina. Ku Indiana anthu adaombera m'manja Mayi White, ndipo adayenera. Koma zaka ziwiri za matope adaziponda ndi Mayi Sides.